Kulongedza katundu posamukira kudziko lotentha: malangizo kwa ife a kumapiri a Dedza ndi Ntcheu

Munthu amene anakulira ku Bembeke, ku Chongoni kapena ku Tsangano akamva za ulendo, dzanja lake limathamangira ku bulangete, juzi ndi chipewa cha ubweya, chifukwa thupi lake linaphunzitsidwa ndi chisanu cha June ndi July, pamene nkhungu imakuta phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera. Tauni ya Dedza ili pamwamba ndi mamita pafupifupi 1,600 poyerekeza ndi nyanja yamchere, pomwe mizinda ngati Dar es Salaam, Mombasa, Beira, Accra ndi Chennai ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanjayo. Kumeneko chovuta si dzuwa lokha ayi, koma chinyezi chimene chimadzaza mumpweya usana ndi usiku, moti thukuta siliuma pathupi, chopukutira chimene mwasambira m'mawa chimakhalabe chonyowa madzulo, ndipo chilichonse chimene mwatsekera m'kabati chimayamba kuchita chuku. Ine ndinachoka kwathu ndi masutikesi awiri kukagwira ntchito ku Dar es Salaam, ndipo theka la katunduyo silinandithandize konse, pomwe tinthu topepuka timene ndinasiya tinandisowetsa mtendere kwa miyezi. Ndalemba malangizowa kuti amene akubwera pambuyo panga asawononge makilogalamu awo momwemo.

Musanagule ngakhale sutikesi, werengani tikiti yanu kuti mudziwe kulemera kumene akukulolani. Makampani ambiri a ndege amalola makilogalamu 23 pa sutikesi imodzi yopita pansi pa ndege ndi makilogalamu 7 pa chikwama cha m'manja, koma chiwerengero cha masutikesi chimasiyana malinga ndi tikiti, ndipo katundu wopyola muyeso amalipiritsa ndalama zambiri pabwalo la ndege pomwepo. Sutikesi yopanda kanthu nayo imalemera makilogalamu atatu kapena anayi, choncho sankhani yopepuka koma ya zipi yolimba. Sikelo simuyenera kuigula. Bwerekani ija yopachika imene ogula mbewu amayezera soya ndi nyemba, muimangirire pamtanda wa denga kapena panthambi ya mtengo. Kenako yalani mphasa ndi kugawa katundu m'milu itatu: zinthu zimene simungazipeze kulikonse kumene mukupita, zinthu zimene zimagulitsidwa kumeneko koma mudzazifuna m'masabata awiri oyamba, ndi zinthu zimene mtima wokha ndiwo ukukakamira. Mulu woyamba upite wonse, wachiwiri upite pang'ono, ndipo wachitatu udikire malo otsala.

Mulu woyamba umayamba ndi mapepala, ndipo ntchito yake iyambike miyezi iwiri kapena itatu tsiku la ulendo lisanafike, popeza maofesi sayendera changu cha munthu amene tikiti yake yayandikira. Onani tsiku limene pasipoti yanu ikuthera, chifukwa mayiko ambiri salola munthu kulowa ngati yatsala ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi, ndipo muonenso kuti muli masamba opanda chidindo. Pamodzi ndi pasipotiyo ikani viza kapena chilolezo chogwirira ntchito, kalata ya ntchito kapena ya sukulu imene yakuitanani, chiphaso cha unzika, kalata ya kubadwa ya mwana aliyense amene mukupita naye, setifiketi ya ukwati, setifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB ndi madipuloma onse amene muli nawo. Mabwana ndi masukulu ambiri akunja amafunanso kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, imene imafuna kudinda zala ndipo imachokera ku likulu la apolisi ku Area 30 mu Lilongwe. Funsani okuitananiwo ngati masetifiketi anu ayenera kutsimikizidwa ndi chidindo cha unduna woona za ubale wa dziko lino ndi mayiko ena, chifukwa chidindo chimenechi n'chosavuta kuchipeza muli kuno, koma n'chosautsa kuchisaka muli kutali.

Pa mapepala omwewa ndichenjezepo za chizolowezi chathu chomata setifiketi m'pulasitiki ya moto kuti isang'ambike. Musatero ndi mapepala enieniwo, chifukwa maofesi ena amakana pepala lomatidwa, ndipo chidindo sichigwira papulasitiki. Ikani pepala lililonse m'kathumba kapulasitiki kotseguka mbali imodzi, ndipo onse pamodzi alowe mu envelopu yaikulu yosalowa madzi. Chitani fotokope katatu: gulu limodzi likhale m'sutikesi, lina lisiyidwe kwa m'bale wodalirika kuno kumudzi, lina liyende nanu padera. Jambulaninso pepala lililonse pafoni n'kudzitumizira pa imelo, kuti ngakhale foni itabedwa zithunzizo mukazipeze pa intaneti. Tengani zithunzi zazing'ono za pasipoti zosachepera khumi, chifukwa fomu iliyonse ya m'masiku oyamba imafuna chithunzi. Papepala lina lembani ndi cholembera keyala ya kumene mukukafikira, manambala a abale awiri ndi nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi imene ili pafupi. Dziko lathu lili ndi maofesi otere ku Dar es Salaam, Maputo, Nairobi ndi New Delhi, komanso ofesi yaing'ono ku Tete. Ndipo mukafika, pasipoti ikhale m'manja mwanu, musaipereke kwa bwana kapena wokupezerani ntchito kuti akusungireni, ngakhale atalankhula mokoma chotani.

Mukathana ndi mapepala, pitani kuchipatala kudakali masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Nkhani yaikulu ndi katemera wa yellow fever, matenda amene kuno kulibe koma amapezeka m'mayiko ambiri a pakati ndi kuzambwe kwa Africa komanso ku South America. Mayiko ngati Ghana ndi Democratic Republic of Congo amafuna khadi lachikasu la katemerayu kwa wofika aliyense, ndipo ena amalifuna ngati mwadzera m'dziko limene matendawa alimo, makamaka mukakhala pabwalo la ndege maola opitirira 12, zimene zimachitika kwa odzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Khadili limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayidwireni, choncho kubayitsa dzulo la ulendo n'kungodzivuta. Kuyambira mu 2016, malamulo a zaumoyo a dziko lonse amati katemera mmodzi ndi wokwanira moyo wonse, kotero khadilo lisungidwe ngati pasipoti. A kuchipatala chachikulu cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu adzakuuzani kumene katemerayu akuperekedwa panthawiyo, ndipo muwafunsenso za katemera wa taifodi, wa kafumbata ndi wa matenda a chiwindi.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga, a mphumu, a khunyu kapena ma ARV, auzeni a chipatala poyera kuti mukusamuka, kuti akupatseni mankhwala a miyezi ingapo ndi kalata yofotokoza matenda anu, dzina lenileni la mankhwalawo ndi mlingo wake. Dzina limene tinazolowera kuno mwina kumeneko silidziwika, koma dzina la mankhwala enieni amene ali m'mbulumo ndi limodzi kulikonse. Musakhuthulire mapiritsi m'kapepala kapena m'botolo lina pofuna kusunga malo, chifukwa mapiritsi opanda dzina amadzutsa mafunso pachipata, ndipo mankhwala ena ochepetsa ululu, monga tramadol ndi codeine, ndi oletsedwa m'mayiko ena popanda kalata ya dokotala. Tenganinso buku lanu la kuchipatala, mabuku a sikelo a ana, ndi magalasi a maso apadera ngati mumavala.

Za udzudzu ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ife a kumapiri timaupeputsa. Malungo timawadziwa, ndipo LA tinamumwapo, koma kumalo otentha a m'mphepete mwa nyanja udzudzu suona nyengo, umaluma chaka chonse. Tengani neti yonyikidwa m'mankhwala, makamaka yozungulira ija imene imafuna msomali umodzi wokha, pamodzi ndi chingwe ndi timisomali tingapo, kuti usiku woyamba womwe mugone motetezeka. Kulinso matenda a dengue, amene amafalitsidwa ndi udzudzu wa mawanga oyera woluma masana, moti neti yokha siikwanira. Pamafunika mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi mankhwala otchedwa DEET, odzola m'mikono ndi m'miyendo. Thupi likatentha muli kumeneko musathamangire Brufen kapena asipirini, chifukwa ngati ndi dengue mankhwala amenewa amawonjezera vuto lotaya magazi. Imwani Panado ndipo pitani mukayezetse tsiku lomwelo. M'kabokosi ka mankhwala muikenso mapaketi khumi a Thanzi ORS, amene paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, popeza thukuta losalekeza ndi kutsekula m'mimba kwa masabata oyamba zimamaliza madzi m'thupi msanga. Onjezani mafuta opha zipere, paudala wa m'mapazi ndi m'mphechepeche, ndi mabandeji ochepa, chifukwa kachilonda kamene kuno kangaume m'masiku awiri kumeneko kamanyeka.

Tsopano tifike pa zovala, pamene ambiri timataya makilogalamu athu. Njira yabwino yoyesera zovala ili pafupi nafe. Valani zimene mukuganiza kuti mudzavala kumeneko, mukwere galimoto yotsika ku Khwekhwerere mpaka ku Golomoti kapena ku Mtakataka masana a mwezi wa October, ndipo a ku Ntcheu atsikire ku Bwanje kapena ku Sharpevale. Malaya amene akumamatireni pamsana musanamalize kuyenda mumsika, amenewo atsale. Mudzaona nokha kuti nsalu ya thonje yopyapyala imapuma, pomwe ya nayiloni ndi poliyesita, ngakhale ikuwala bwino pagalasi, imatsekera thukuta mkati ndi kuyambitsa totupa toyabwa. Mukamasankha pa kaunjika ku Lizulu kapena pamsika wa pa boma, tembenuzani chovala muwerenge kansalu ka m'khosi kapena ka m'mbali kamene kamanena mtundu wa nsalu, ndipo musankhe zotakasuka ndi zowala mtundu, zosathina m'khwapa ndi m'chiuno.

Kuchuluka kwake kukhale kwa sabata imodzi ndi theka basi, kupatula zovala zamkati ndi masokosi, zimene muyenera kutenga zambiri ndithu, zonse za thonje, chifukwa kumeneko munthu amasamba ndi kusintha kawiri kapena katatu patsiku. Suti imodzi yopepuka ndi yokwanira pa misonkhano ndi kutchalitchi. Malaya awiri a manja aatali opyapyala ndi ofunika madzulo poteteza udzudzu, ndiponso m'madera ngati Zanzibar ndi Mombasa, kumene Asilamu ndi ambiri, mavalidwe obisa mapewa ndi mawondo ndiwo ulemu. Zitenje tengani zinayi kapena zisanu, ngakhale abambo, chifukwa chitenje chimakhala chofunda cha usiku wotentha, katani ya pazenera, chopukutira chouma msanga, mbereko ndi mphatso yopatsa amene akulandirani. Bulangete, jekete lolemera ndi thawulo lokhuthala zisiyeni kwa abale. Juzi imodzi yokha ipite nanu, ndipo muivale kapena kuinyamula m'manja, popeza m'ndege mumazizira, bwalo la ndege la Addis Ababa lili pamalo okwera kuposa tauni ya Dedza, ndipo amene mukuyenda pa basi kudzera ku Karonga ndi ku Songwe mudzapeza usiku wa ku Mbeya ukuluma ngati wa kwathu kuno.

Nsapato zachikopa ndizo zinandiphunzitsa chinyezi. Ndinaziika pansi pa kabati zitapolishidwa bwino, ndipo patatha masabata atatu nditazitulutsa kuti ndivale ku mwambo wina, ndinapeza zitakutidwa ndi chuku chotuwa ngati phulusa kuyambira kuchidendene mpaka kumphuno, lamba amene anali pambali pake atachita mawanga obiriwira, fungo lake ngati la nkhokwe yodontha. Choncho tengani peyala imodzi yokha yachikopa, ndipo mukafika muziiika poyera pamene pakupita mphepo. Zina zikhale nsapato zansalu zopepuka, masandasi olimba ndi patapata wa kubafa. Timapaketi tating'ono toyamwa chinyezi timene timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo a mankhwala musatitaye, yambani kutisonkhanitsa lero, mutiponye mu envelopu ya mapepala ndi m'chikwama cha laputopu. Ambulera yopinda ndi yabwino kuposa jasi lamvula lapulasitiki, limene m'dziko lotentha limakunyowetsani ndi thukuta kuposa mvulayo. Mafuta okhuthala amene timadzola kuno poletsa kutuwa ndi ming'alu sadzafunika kwambiri, koma chipewa cha khonde lalikulu n'chofunika, ndipo abale athu achialubino atenge mafuta oteteza khungu ku dzuwa okwanira miyezi ingapo.

Pa zamagetsi nkhani ndi yaifupi. Kuno timagwiritsa ntchito pulagi ya mano atatu amakona ndi magetsi a mphamvu ya 230 volts, ndipo pulagi yomweyi imalowa m'masoketi a ku Kenya, Ghana, Malaysia ndi ambiri a ku Tanzania. Ku Mozambique ndi ku India masoketi ndi a mabowo ozungulira, kotero mufunika adaputa imodzi yabwino ndi ekisitenshoni ya kuno ya masoketi anayi, kuti matchaja anu onse alowe pamodzi. Power bank ndi mabatire apadera saloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege, ayenera kukhala m'chikwama cha m'manja. Simbi, ketulo ndi fani mukagule komweko. Simu khadi yanu ya Airtel kapena TNM musaitaye, ndipo musananyamuke funsani kampaniyo ndi banki yanu mmene mauthenga a nambala zachinsinsi adzakupezereni muli kunja.

Ndalama ya kwacha siisinthika mukapitirira madera a m'malire, choncho pitani ku banki yanu msanga ndi pasipoti ndi tikiti, popeza ndalama zakunja sizipezeka tsiku limene munthu wazifuna, ndipo lisiti yake muisunge pamodzi ndi pasipoti. Ngati akupatsani madola, pemphani atsopano ndi osang'ambika, chifukwa osintha ndalama ambiri amakana akale ndi othimbirira. Agaweni pawiri, ena m'chikwama cha m'manja, ena m'thumba lamkati la chovala chimene mwavala.

Mulu wachitatu uja umadzadza ndi chakudya, ndipo apa pamafunika mtima wolimba, chifukwa obweretsawo amabwera ndi chikondi. Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, azakhali anga anatulukira atasenza dengu la mbatata ya kachewere, pamwamba pake atayika kabichi ziwiri ndi kathumba ka mapichesi. Atatula anati, "Mwana wa achimwene, kumene mukupitako mbatata yotere simukaiona, nyamulani mukadye masiku oyamba." Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, ndipo usiku womwewo tinaphika mbatatayo ndi kudya tonse pabwalo, popeza zinthu zaziwisi zotere sizikanadutsa pachipata. Mayiko ambiri amaletsa kulowetsa zipatso, ndiwo zamasamba zaziwisi, mbewu zodzala, nyama ndi mkaka pofuna kuteteza ulimi wawo, ndipo chimene mwabisa chikapezeka pamakhala chindapusa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho funsani malamulo a dziko limene mukupita, ndipo pafomu ya pachipata lembani chakudya chilichonse chimene mwanyamula.

Ufa musadzilemetse nawo ngati mukupita ku Tanzania, Kenya kapena Mozambique, chifukwa ugali ndi xima ndi nsima yomweyi, ndipo ufa wa kuno ukakhala pachinyezi umawunda ndi kugwa anankafumbwe. Amene mukupita ku Asia kapena kuzambwe kwa Africa mungatenge makilogalamu awiri ouma bwino, otsekedwa m'mapepala apulasitiki awiri. Zoyenera malo m'sutikesi ndi zopepuka ndi zotsekedwa kufakitale: tiyi wa Chombe, botolo la tsabola wa Nali lokulungidwa bwino m'pulasitiki, ndi paketi ya mtedza wokazinga. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya ndi usipa wouma zimatonthoza mtima, koma zitengeni pokhapokha malamulo akulola, ziume kwambiri padzuwa, ndipo zikhale m'chigubu chotseka bwino kuti fungo lisalowe m'zovala. Chimene sindingalole kuti musiye ndi mthiko ndi chipande. Sizilemera kanthu, koma kutali ndi kuno mungazungulire msika wonse osapeza mtengo wosemedwa mokomera dzanja lanu, ndipo nsima yovundulidwa ndi supuni yachitsulo imatuluka ndi mibulu. Makapu a ku Dedza Pottery ndi mphatso yokongola, koma awiri okulungidwa m'chitenje pakati pa zovala ndi okwanira.

Polongedza penipeni, zolemera monga nsapato ndi mabuku zikhale kumunsi kumene kuli mateyala, zovala zikulungidwe ngati mkeka kuti zisadye malo, ndipo chilichonse chamadzimadzi chitsekedwe ndi tepi n'kuikidwa m'jumbo yakeyake. Ngati muli ndi masutikesi awiri, sakanizani katundu kuti iliyonse ikhale ndi zovala zamkati, malaya ndi chitenje, popeza sutikesi imodzi ikhoza kutsalira panjira n'kufika patatha masiku. Pachifukwa chomwecho kumbukirani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: mapepala onse enieni, khadi lachikasu, mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndalama, foni, tchaja, laputopu ndi zovala zosinthira za masiku awiri zikhale m'chikwama cha m'manja. M'chikwama chimenechi zamadzimadzi zisapitirire mamililita 100 pa botolo, ndipo mpeni, lumo ndi sizasi zipite m'sutikesi yaikulu. Katundu wa munthu wina amene simunamuone mkati musanyamule, ngakhale wopemphayo akhale mnansi wa mpingo umodzi. Mutsegulireni pamaso pake, chifukwa chopezeka m'chikwama chanu pachipata mlandu wake ndi wanu.

Dzulo la ulendo pachikani sutikesi iliyonse pasikelo ija, ndipo muyesetse kuti ichepere ndi kilogalamu imodzi pa muyeso wololedwa, popeza masikelo sagwirizana ndendende. Lembani dzina lanu ndi nambala ya foni kunja ndi mkati momwe, mangani kansalu ka chitenje pachogwirira kuti mukaizindikire msanga pakati pa masutikesi akuda ofanana, ndipo muijambule pafoni isanatsekedwe ndiponso itatsekedwa. Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi muyenera kudutsa mumzinda wa Lilongwe, kumene magalimoto amathithikana m'mawa ndi madzulo, choncho ngati ndege ikunyamuka m'mawa kagoneni kwa abale mumzindamo, kuti mukafike pabwalo kudakali maola atatu, botolo la madzi lopanda kanthu lili m'chikwama kuti mukalidzaze mukadutsa pofufuza katundu.